Nalimata wa Chitsulo Angathandize Ilala, Koma Sangalowe M'malo mwa Mmisiri

Munthu wa ku Mwaya, wa ku Kande kapena wa ku Chintheche akamva kuti sitima ya Ilala yapita ku Monkey Bay kukakonzedwa, amadziwa kuti mbale wake wa pa Likoma ayamba kuona mavuto. Thumba la chimanga limene likanawoloka nyanja usiku umodzi limakhala pa doko la Nkhata Bay kudikira boti, simenti ya womanga nyumba pa chilumba imakwera mtengo, ndipo mayi amene anayanika usipa wake pa Chizumulu amangouyang'ana m'matumba, osadziwa tsiku limene udzafika pa msika wa ku Mzuzu. Anthu a ku Ruarwe, kumene galimoto sizifika, amakwera maboti a matabwa ngakhale pa nyengo ya mwera, pamene nyanja siseka ndi munthu. Chotero pa nyanja ino pali chinthu chozunguza mutu. Sitima imachotsedwa pa ulendo wake kuti anthu asaone ngozi, koma masabata amene sitimayo palibe ndiwo masabata amene anthu ambiri amaika moyo wawo pachiswe m'timaboti todzaza mpaka m'milomo.

Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti sitima ileke kuyesedwa. Funso loyenera ndi lakuti, kodi pali njira yofupikitsa masiku amene sitima imakhala pa malo okonzera, popanda kuchepetsa chisamaliro cha kayesedwe kake? Ku maiko akunja kuli tsopano makina ang'onoang'ono, ena osaposa sutikesi, amene amakakamira pa chitsulo ndi mphamvu ya maginito, nayenda pa khoma la thanki kapena pa mimba ya sitima monga nalimata ayenda pa khoma la nyumba, nayesa kukhuthala kwa chitsulocho ponse pamene apita. Kampani ina ya ku Pittsburgh ku America, imene inayamba mu 2013, inadzitcha Gecko Robotics, ndipo dzina la Gecko ndilo nalimata yemweyo. Makina otere ngoyenera kuti Boma, kupyolera mu Dipatimenti yoona za maulendo a pa madzi, liwayese pa Ilala, ndipo malo abwino oyambira ndi doko la Nkhata Bay. Koma ayesedwe ndi maso otseguka, pakuti pali zambiri zimene makinawo sangathe kuchita.

Ilala inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, m'dera la Glasgow ku Scotland. Inabwera zidutswazidutswa pa nyanja ya mchere mpaka ku Beira, niyenda pa njanji kulowa m'dziko muno, ndipo amisiri atailumikiza m'mphepete mwa nyanja ino inayamba ntchito mu 1951. M'litali mwake ndi mapazi 172, ndiwo mamita 52. Dzina lake inalandira kwa Ilala woyamba, kasitima ka amishoni a Livingstonia kamene kanalowa m'nyanja mu October 1875, amishoni omwe aja amene anasamukira ku Bandawe mu 1881. Tsono chitsulo chimene chinasulidwa ku Scotland agogo a okwera a lero ali anyamata chakhala m'madzi zaka zoposa 70. Injini zake zinasinthidwa, zipinda zinakonzedwa, utoto wapakidwa kosawerengeka. Koma chimene chimalekanitsa mwana wogona pa mphasa m'chipinda cha pansi ndi madzi a nyanja ndicho zitsulo zaphanthiphanthi zimene amisiri amati mapuleti, zosaposa chala cha munthu kukhuthala kwake. Ndipo madzi amenewo si a pa dambo ayi. Chakumpoto kwa Nkhata Bay nyanja imazama kufikira mamita 700.

Mwayi wa sitima za kuno ndi wakuti madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, ndipo madzi opanda mchere sadya chitsulo msanga. Ndicho chifukwa chake thupi la Chauncy Maples, sitima ya amishoni a ku Likoma imene inalowa m'madzi mu 1901, linakhala loyandama zaka zoposa 100. Komabe dzimbiri silisowa polowera. Limakonda mzere umene madzi amalekezera, pamene chitsulo chimanyowa ndi kuuma tsiku lonse. Limakondanso m'kati, pansi pa injini ndi pansi pa chipinda cha katundu, pamene madzi amadikha pamodzi ndi mchere wotayika m'matumba, feteleza ndi zotsalira za nsomba. Nthawi zina limadya puleti yonse pang'onopang'ono mofanana, ndipo limenelo silivuta kuliona. Loopsa ndi lija lokumba timaenje ngati zipsera za nthomba, pakuti kadzenje kamodzi kangathe kuboola pamene chitsulo chonse chozungulira chikali cholimba. Palinso ming'alu. Sitima ikamakwera ndi kutsika mafunde a mwera thupi lake limapindika pang'ono, ndipo aliyense amene anathyolapo waya poupinda uku ndi uku adziwa chimene chimachitikira chitsulo chopindidwa kambirimbiri. Zonsezi zimabisala pansi pa utoto woyera wokondweretsa maso. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mmisiri wakale anali ndi nyundo ndi makutu. Ankagogoda puleti ndi kumvetsera, monga mayi agogoda mtsuko pa msika asanaugule: chitsulo chabwino chimalira mwa mtundu wina, chodyeka chimalira mwa mtundu winanso. Pamene anakayika ankaboola kabowo, nayesa kukhuthala kwake, natsekanso. Masiku ano woyesa sitima ali ndi kachipangizo ka m'manja kamene akakagunditsa pa chitsulo kamalemba mamilimita ake. Zimenezi nzabwino, koma munthu ali ndi manja awiri okha, ndipo amayesa malo owerengeka pa puleti iliyonse. Kadzenje ka dzimbiri kangakhale pakati pa malo awiri amene anayesa. Chinanso, kuti afike pa mimba ya sitima, sitimayo iyenera kutuluka m'madzi. Ku Monkey Bay, kumene eni dziko amati Lusumbwe, kuli doko loyandama: chombo chachikulu chachitsulo chimene amachimiza podzaza madzi m'mathanki ake, sitima nilowa pakati, ndipo akapopa madziwo chimadzuka chitanyamula sitima. Pamenepo ndipo pamene amisiri amayamba kuona bwino chimene chawonongeka. Ngati puleti ifunika kusintha ndipo ilibe m'nkhokwe, aiitanitse kunja, pakuti dziko lino silisula mapuleti a sitima. Ndipo sitima idikire, ndi anthu a pa Likoma adikire nayo.

Nzeru ya mwana wa wosula

Kuti munthu aweruze bwino za makina atsopanowa ayenera kumva pang'ono za mmene amagwirira ntchito, ndipo nkhani yake si yovuta monga ena aiyesera. Mu 1825 William Sturgeon wa ku England anaonetsa kuti munthu akakulunga waya pa chitsulo napititsa magetsi m'wayamo, chitsulocho chimasanduka maginito, ndipo akazimitsa magetsi mphamvu yokokayo imatha. Patapita zaka 6, mu 1831, Michael Faraday, mwana wa wosula zitsulo amene sanapite patali ndi sukulu, anapeza mbali ina ya chinthu chomwecho. Ali ku Royal Institution ku London anakulunga mawaya awiri osakhudzana pa mphete imodzi ya chitsulo, ndipo anaona kuti poyatsa kapena pozimitsa magetsi mu waya woyamba, magetsi ankabadwa kwa kanthawi mu waya wachiwiri. Anapezanso kuti maginito oyenda pafupi ndi waya amabala magetsi m'wayamo. Lamulo lake ndi limenelo: mphamvu ya maginito ikamasintha, kapena ikamayenda, imadzutsa magetsi m'chitsulo chilichonse chimene chili pafupi. Dainamo ya njinga imene imawalitsa nyali gudumu likamazungulira imatsata lamulo limeneli, ndipo makina a pa Nkula, amene anayamba kupereka magetsi kuchokera mu mtsinje wa Shire mu 1966, amatsata lomweli.

Nalimata wa chitsulo amagwiritsa ntchito nzeru imeneyi pa kuyenda ndi pa kuona pomwe. Ambiri mwa makina amene ali pa ntchito lero ali ndi magudumu kapena malamba okhala ndi maginito osatha mphamvu, ndipo timainjini ta magetsi ndito timazunguza magudumuwo. Munthu amakhala pa doko kapena m'sitima momwemo atagwira chiwongolero, ndipo chingwe chachitali chimapereka magetsi kwa makinawo ndi kubweza zimene aona. Ena ali ndi mapazi a maginito oyatsa ndi kuzimitsa monga a Sturgeon: phazi ili ligwira, linalo limasuka nilisuntha. Koma mtundu umenewu uli ndi chilema chimene Mmalawi aliyense angachione msanga, pakuti magetsi akathima mapazi onse amamasuka pamodzi, ndipo makina a ndalama zambiri apita pansi pa nyanja. Akatswiri a sukulu ya KAIST ku South Korea anaonetsa mu 2022 makina a miyendo inayi otchedwa MARVEL, amene mapazi ake amafuna magetsi pa kamphindi kokha kogwira kapena komasula. Akagwira agwira, ngakhale batire lithe. Anawayesa pa thanki yopakidwa utoto, yokhala ndi dzimbiri ndi fumbi, ndipo anakwera.

Palinso njira ina imene imakondweretsa ophunzira kuposa zonse, ngakhale kuti pa nyanja ino ilibe ntchito. Maginito sagwira mkuwa kapena aluminiyamu. Koma munthu akaponya maginito amphamvu m'paipi ya mkuwa, amatsika pang'onopang'ono ngati akuyenda mu uchi, chifukwa kuyenda kwake kumadzutsa timagetsi tozungulira mu mkuwamo ngati kamvuluvulu, ndipo timagetsito timabala mphamvu yolimbana ndi maginito amene anatidzutsa. François Arago wa ku France anaona zofanana ndi zimenezi mu 1824, Faraday asanazifotokoze. Tsono ngati maginito azunguzidwa mofulumira pafupi ndi aluminiyamu, makina angathe kudzikankha cham'mbali osakhudza chitsulocho nkomwe. Ku Cornell University ku America, Mason Peck ndi ophunzira ake anafufuza njira imeneyi pofuna kuti kamakina kaziyenda kunja kwa International Space Station, nyumba ya aluminiyamu imene imazungulira dziko mlengalenga, ndi kuyang'ana khoma lake. Kumeneko zinthu sizilemera, ndipo kukankha pang'ono kumakwanira. Pa Nkhata Bay pali mafunde, ndipo thupi la Ilala ndi chitsulo chimene maginito amagwira bwino. Boti la aluminiyamu anthu amangolikokera pa mchenga naliyang'ana ndi maso. Wogulitsa makina akadzabwera ndi mawu okometsera za kuyenda kosakhudza, akulu a ku Dipatimenti amufunse za magudumu.

Za kuona ndizo zofunika koposa. Kamera ilipo, koma kamera imaona utoto basi. Chimene chimaona m'kati ndi kulira kwapamwamba kumene khutu la munthu silimva. Makinawo amatumiza kulirako m'chitsulo, ndipo kukafika kuseri kwa puleti kumabwerera, monga mawu amabwerera munthu akafuula moyang'ana phiri. M'chitsulo kulira kumathamanga pafupifupi mamita 5,900 pa sekondi. Chotero pa puleti ya mamilimita 10 kupita ndi kubwera kumatenga magawo atatu ndi pang'ono a sekondi yogawidwa kamiliyoni. Puleti ikadyeka nthawiyo imafupika, ndipo makina amawerenga kusiyanako nakusandutsa mamilimita. Pa mtunda woyesa amapaka mafuta kapena madzi kuti kulira kulowe bwino m'chitsulo. Pansi pa nyanja madziwo alipo kale. Zipangizo zina zimadzutsa kulirako m'chitsulo mwenimwenimo ndi lamulo la Faraday, mosafuna chopaka chilichonse.

Ming'alu imapezedwa ndi kamvuluvulu wa magetsi uja. Kawaya kokulungidwa, kokhala ndi magetsi osinthasintha, kakayandikira chitsulo kamadzutsa timagetsi tozungulira pa khungu la chitsulocho. Pamene pali mng'alu timagetsito timapatuka monga madzi a mu mfuleni apatuka pa mwala, ndipo kawayako kamamva kusinthako. Friedrich Förster wa ku Germany ndiye anakonza njira imeneyi kufikira inalowa m'mafakitale itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa chitsulo cha sitima timagetsito sitilowa mozama, chotero njirayi imathandiza makamaka pa ming'alu ya pamwamba ndi m'mizere yowotcherera. Kupambana kwa makina okwawa sikuli pa kukhala ndi maso amene munthu alibe, pakuti zipangizo zonsezi munthu angazigwire m'manja. Kupambana kwake nkwakuti satopa. Pamene munthu ayesa malo khumi, makina amayesa zikwi, nalemba malo ake onse, natulutsa chithunzi cha puleti yonse chosonyeza ndi mitundu pamene chitsulo chapyapyala.

Zimene nalimata sangachite

Ena adzati, ngati makinawo ali otero, doko loyandama la ku Monkey Bay lapuma. Iyayi. Mphamvu ya maginito imachepa msanga pakakhala kampata ngakhale kakang'ono pakati pa gudumu ndi chitsulo. Utoto wokhuthala wa zaka zambiri, ndere zomera pa mimba ya sitima, puleti yopindika pamene sitima inagunda mwala, mitu ya misomali imene sitima zakale zinkalumikizidwa nayo, zonsezi zimatereretsa makina kapena kusokoneza kawerengedwe kake. Poyamba pafunika kupala ndere. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa sitima, kumene thupi limakhota kwambiri, makina amayenda movutika. Chopalasira cha sitima kawirikawiri chimakhala cha mkuwa wosakaniza, umene maginito sagwira. Tsigiro, mtanda wozunguza chopalasira ndi zitseko za mapaipi olowetsa madzi zimafuna kumasulidwa ndi manja sitima ili pouma. Ndipo makinawo sawotcherera, sapaka utoto, sasintha puleti. Amangonena.

Ngakhale pa nyanja zikuluzikulu za mchere, kumene makina otere afala, lamulo silinasiye doko. Sitima ya katundu iyenera kuyang'anidwa ku mimba kawiri pa zaka zisanu zilizonse, ndipo sitima yonyamula anthu chaka ndi chaka. Kuyang'ana kwina kumaloledwa kuchitika sitima ili m'madzi, koma sitima ikamakalamba oyesa amauma mtima pa chilolezo chimenecho. Malamulo amenewo sanalembedwere nyanja za m'kati mwa dziko. Kuno lamulo ndi Inland Waters Shipping Act ya 1995, imene imapatsa Boma mphamvu yoyesa zombo ndi kupereka ziphaso. Koma nzeru yake ndi imodzimodzi, ndipo sitima ya 1949 siyenera kupatsidwa chifundo chimene sitima ya zaka 20 siipatsidwa ku Durban.

Pali chinanso chimene chiyenera kunenedwa poyera, kuti anthu asayembekeze kwa makina chimene makina alibe. Ngozi yaikulu koposa ya sitima pa nyanja ino sinabwere ndi dzimbiri. Vipya inali yatsopano, pa ulendo wake wachinayi wokha, pamene inachoka ku Mbamba Bay nikumana ndi namondwe, nigubuduka pafupi ndi Florence Bay, kumene lero ndi ku Chitimba, pa 30 July 1946. Anthu 145 anafa. Chitsulo chake chinali chonyezimira, ndipo nalimata akanachiyenda chonse osapeza kanthu. Pa nyanja ya Victoria ku Tanzania, Bukoba inagubuduka pafupi ndi Mwanza pa 21 May 1996 nipha anthu mazanamazana, ndipo Nyerere inagubuduka mu September 2018 nipha anthu oposa 200. Zonse ziwiri zinanyamula mopitirira muyeso. Pamenepa mlandu sukhala wa oyendetsa okha. Wamalonda amene amakangana ndi kalaliki wa pa doko kuti matumba ake ena khumi alowe, ngakhale auzidwe kuti sitima yadzaza, akuchita zimene maginito sangakonze.

Koma dzimbiri nalonso lili ndi mbiri yake. Mu December 1999 sitima ya mafuta yotchedwa Erika, ya zaka pafupifupi 25, inathyoka pakati kufupi ndi gombe la Brittany ku France, niipitsa gombelo ndi mafuta. Mapepala ake anali okwanira, ziphaso zili m'malo. Ofufuza anapeza kuti chitsulo chinali chodyeka kwambiri. Phunziro la Erika ndi lakuti chiphaso chimalimba monga mmene kayesedwe kamene kanachibala kanalimbira. Ngozi ya kudzaza imaoneka ndi maso pa doko, ndipo wapolisi angailetse. Ngozi ya dzimbiri siioneka kufikira tsiku lake.

Tsono phindu lenileni la makinawa pa Ilala lili pawiri, ndipo loyamba ndi nthawi. Sitima imaima maola angapo pa Nkhata Bay popita kumpoto ku Usisya, Ruarwe ndi Chilumba, niimanso pobwerera. Dokolo ndi lobisika ku mphepo, madzi ake ndi oyera ndi ozama, ndipo m'taunimo muli anyamata amene anaphunzira kumira ndi mabotolo a mpweya chifukwa cha alendo odzaona nsomba za mbuna; amenewa angathandize kupala ndere ndi kumasula chingwe chikakodwa. Ngati mimba ya sitima iyesedwa pamenepo miyezi ingapo isanapite ku Monkey Bay, akulu a malo okonzera adzadziwiratu mapuleti amene afuna kusintha, kukula kwake ndi kuchuluka kwake, naitanitsa chitsulo sitima ikali kunyamula anthu. Pofika pa doko loyandama idzapeza zonse zili chire. Sabata iliyonse imene yapulumutsidwa motero ndi sabata imene mayi wodwala wa pa Chizumulu sakwera boti la matabwa.

Phindu lachiwiri ndi buku. Kwa zaka zambiri Boma lakhala likunena za kufunika kwa sitima yatsopano yolowa m'malo mwa Ilala, ndipo anthu amakambirana nkhaniyo m'mabasi ndi pa wailesi, ena nati gogoyo watha, ena nati adzaika m'manda sitima zonse zatsopano. Onsewo amalankhula za mumtima. Chitsulo chili ndi yankho lake m'mamilimita. Puleti iliyonse ikapatsidwa nambala, niyesedwa pa malo omwewo chaka chino ndi chaka chamawa, kusiyana kwake kudzaonetsa liwiro la dzimbiri. Ndipo popeza oyesa sitima kawirikawiri amalamula kusintha puleti imene yataya gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kukhuthala kwake, munthu wodziwa masamu angawerenge zaka zimene zatsala. Nduna yopempha ndalama za sitima yatsopano ku Nyumba ya Malamulo, kapena kwa maiko othandiza, idzaima bwino itagwira buku lotere kusiyana ndi kungonena kuti sitimayo ndi yakale, pakuti zimenezo aliyense akudziwa. Mu 2010 Boma linapereka ntchito yoyendetsa sitima za pa nyanja kwa Malawi Shipping Company, ya kampani ya Mota-Engil. Oyendetsa amabwera napita monga mapangano akhalira, koma udindo woteteza okwera sutuluka m'manja mwa Boma, ndipo bukulo liyenera kukhala la Boma, losungidwa ndi oyesa sitima ake.

Nanga ndalama? Makinawa ndi okwera mtengo, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kachipangizo kake kakathyoka sikapezeka m'sitolo ya ku Mzuzu. Dziko lino laona kale makina okongola operekedwa ndi abwenzi akuchita dzimbiri m'zipinda chifukwa chosowa wodziwa kuwakonza, ndipo zikanakhala zoseketsa makina ofunafuna dzimbiri atagwidwa ndi dzimbiri lomwelo. Chifukwa chake kugula sikuyenera kukhala koyamba. Boma libwereke makinawo pamodzi ndi mwini wake kwa nyengo imodzi, kuchokera ku South Africa kapena kwina kumene ntchito zotere zimachitika m'madoko, ndipo pangano linene kuti oyesa sitima a Boma ndi aphunzitsi a sukulu ya za pa madzi ya ku Monkey Bay adzagwira chiwongolero ndi manja awo. Pambuyo pake, sitima ikakwera pa doko loyandama, mmisiri wa nyundo ndi kachipangizo ka m'manja ayese malo omwe aja, ndipo ziwerengero ziwirizo ziyerekezedwe. Zikagwirizana, pamenepo nkhani yogula iyambike. Zikasiyana, dziko lidzakhala litataya ndalama zochepa, nilipeza amisiri odziwa zambiri kuposa kale.

Tsiku logula likadzafika, mtolowo usasenzedwe ndi a za sitima okha. EGENCO ili ndi mapaipi akuluakulu achitsulo otsitsira madzi ku makina ake a pa Shire, ndipo NOCMA ili ndi mathanki osungira mafuta a dziko ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Zonsezi zimadyedwa ndi mdani mmodzi, ndipo zimayesedwa ndi makina a mtundu womwewu. Ngolo yeniyeni ya nalimata, ndiyo magudumu a maginito, timainjini ndi chingwe, si chinthu chopitirira nzeru za ophunzira uinjiniya a ku MUBAS ku Blantyre kapena a ku MUST ku Thyolo. Chovuta kupanga ndi diso lake, ndipo limenelo lingagulidwe palokha. Koma chovuta koposa zonse ndi munthu wowerenga zimene diso laona. Chithunzi cha mitundumitundu chimanyenga wosaphunzira: utoto wofufuma ungaoneke ngati chitsulo chabwino, ndipo nthiti ya sitima imene ili kuseri kwa puleti ingaoneke ngati chilema. Kuphunzitsa munthu wotere kumatenga zaka, ndipo akaphunzira ayenera kulipidwa mokwanira kuti asakathere ku madoko a eni.

Ntchito ya pa doko ili ndi malamulo ake osafuna kuseka nawo. Injini zizimitsidwe ndipo chopalasira chimangidwe munthu kapena makina asanatsike m'madzi, kaputeni adziwe ndi kuvomereza, ndipo timaboti tonyamula anthu ndi katundu tisayandikire mbali imene ikuyesedwa. Okwera ochokera ku Mwaya ndi kwina amene agona pa doko kudikira adzafunika kupirira pang'ono, pakuti katundu adzalowera mbali imodzi yokha. Sikofunika kumaliza sitima yonse tsiku limodzi. Pa ulendo wa kumpoto ayese gawo la mbali ya kumanja, pa ulendo wobwerera gawo la kumanzere, kuyambira pa mzere wa madzi ndi pansi pa chipinda cha injini, kumene dzimbiri limayambira. Ndipo nyengo yake ikhale ya miyezi imene mwera wagona, kuti ziwerengero zifike ku Monkey Bay sitima isanafikeko.